Ife ndi iwo: zomwe gulu limachita m'mutu mwa munthu

Mu September ndi October chaka cha 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre. Anyamata anatchinga misewu ndi miyala, kuimitsa magalimoto ndi kufunsa mlendo aliyense chomwe wadzera. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi zigulu, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsa ogwira ntchito ake m'maboma ena a kummwera. Madokotala sanapeze munthu ngakhale mmodzi amene anapopedwadi magazi.

Nkhani yotere ikamveka, kaya ndi ya agogo ophedwa powaganizira ufiti, kaya ndi ya abale athu othamangitsidwa ku Joni, timafunsana kuti, kodi anthu amenewa chawalowa n'chiyani? Wotola mwala uja ndi bambo wa ana, dzulo lomweli anabwereka mnzake khasu mwaulemu, Lamulungu amaimba kwaya. Ena amati ndi umbuli, ena amati umphawi, ena amangoti ndi Satana.

Pali maphunziro amene akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 100. Pa Chingerezi amatchedwa social psychology. Amafufuza momwe maganizo, mtima ndi zochita za munthu zimasinthira chifukwa cha anthu ena, kaya anthuwo ali pomwepo kaya akungowaganizira. Mmene mumadyera nkhuku muli nokha m'nyumba si mmene mumaidyera mukapita kwa apongozi, chonsecho nkhuku ndi yomweyo, njala ndi yomweyo, inu ndinu nomwe. Chasintha ndi maso a ena basi.

Maphunzirowa anakula kwambiri itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945, ndipo ambiri mwa amene anawalimbikitsa anali Ayuda. Kurt Lewin anathawa ku Germany mu 1933. Henri Tajfel, wobadwira ku Poland, abale ake pafupifupi onse anaphedwa ndi a Nazi, chipani cha Hitler chomwe chinkalamulira Germany. Kwa iwowa funso silinali la m'kalasi chabe. Ankafuna kudziwa kuti zinatheka bwanji makalaliki, apolisi ndi oyendetsa sitima, anthu wamba, kuthandiza nawo kupha Ayuda 6 miliyoni.

Kutsata gulu

Kutsata gulu ndi kusintha zomwe ukunena kapena kuchita kuti zifanane ndi za anzako, popanda wina wokulamula.

M'zaka za m'ma 1950 Solomon Asch anaitana ophunzira a m'makoleji a ku America, n'kuwauza kuti akufuna kuyesa maso awo. Wophunzira ankalowa m'chipinda momwe munali anyamata ena angapo. Onse ankaonetsedwa makhadi awiri: lina la mzere umodzi, lina la mizere itatu yosiyana kutalika. Funso linali lakuti mwa itatuyo, wofanana ndi woyamba uja ndi uti. Funso lake linali lophweka moti munthu akamayankha yekha, zolakwa sizinkafika n'komwe imodzi pa 100. Koma anyamata ena aja anali atapangana ndi Asch. Pa maulendo 12 mwa 18 onse ankatchula mzere wolakwika, nkhope zili gwa, ndipo wophunzira weniweni ankayankha chakumapeto.

Atatu mwa anayi alionse anatsata gulu kamodzi kapena kuposa, kukana zomwe maso awo akuona. Mayankho onse ataphatikizidwa, pafupifupi 37 pa 100 alionse anali otsata bodza la gulu. Anthu ambiri akamafotokoza nkhaniyi amathera pomwepa, koma manambala omwewa akunenanso china: mayankho ambiri anali oona, ndipo mmodzi mwa anayi alionse sanagonje ngakhale kamodzi. Chondikopa ine n'chomwe chinachitika Asch atauza mnyamata mmodzi yekha mwa opangana aja kuti azinena zoona. Kutsata gulu kunatsika kufika pafupifupi 5 pa 100. Sizinafunike kuti theka la gulu litembenuke. Mnzako mmodzi anakwanira.

Zifukwa zotsatira gulu zilipo ziwiri, ndipo nthawi zambiri zimasakanikirana. Choyamba ndi kuopa kuoneka wosiyana. A mfumu akafunsa pamsonkhano kuti, “Tagwirizana?” bwalo lonse limati, “Eee,” ndipo madandaulo amakayambira kunjira. Chachiwiri ndi kuganiza kuti mwina ambiriwo akudziwa zomwe iwe sukudziwa. Mukaona anthu onse pamsika akuthawa, mumayamba mwathawa, kufunsa mumafunsa mutafika patali. Nthawi zambiri zimenezi zimapulumutsa. Mphekesera ya anamapopa inadzera khomo lomweli.

Mu 1996 Rod Bond ndi Peter Smith anasonkhanitsa kafukufuku 133 wa mtundu wa Asch wochokera m'maiko 17, ndipo anapeza kuti kutsata gulu kumachuluka kumene anthu amaika patsogolo mudzi ndi banja kuposa munthu payekha. Akatswiri amasiyana pomasulira zimenezi. Ena amati n'kufooka kwa munthu pamaso pa gulu. Ena amati kumalo ngati kwathu kuno, kumene kutsutsa munthu pagulu ndi mwano, wina angavomere bodza pakamwa pofuna kusunga ulemu wa mnzake, mumtima akudziwa bwinobwino mzere woona.

Kumvera wamkulu

Kumvera n'kwina. Apa pali munthu wokulamula, ndipo iwe ukumuona kuti ali ndi udindo wotero.

Mu April 1961 ku Jerusalem kunayamba mlandu wa Adolf Eichmann, amene ankakonza za masitima otengera Ayuda kokaphedwa. Podziteteza iye anati ankangochita zomwe akuluakulu ake anamutuma. Patangopita miyezi yochepa Stanley Milgram, amene anagwirapo ntchito pansi pa Asch, anayamba kuyesa ku yunivesite ya Yale kuti aone pomwe munthu wamba angalekezere.

Anaitana amuna kudzera m'nyuzipepala, n'kuwauza kuti akufufuza ngati chilango chimathandiza munthu kuphunzira. Aliyense ankakhala mphunzitsi, patsogolo pake pali makina a mabatani 30, kuyambira mavolti 15 mpaka 450. Kumbukirani kuti magetsi a m'nyumba zathu ndi mavolti 230. Wophunzira anali m'chipinda china atamangidwa pampando, ndipo akalakwa yankho mphunzitsi ankayenera kumugwiritsa shoko, n'kumakweza mphamvu pa kulakwa kulikonse. Pa mavolti 300 wophunzirayo ankamenya khoma, kenako n'kungoti zii. Mphunzitsi akafuna kusiya, bambo wovala khoti la mulabu ankangomuuza modekha kuti apitirize. Shokoyo inali yabodza, wophunzirayo anali wochita sewero, koma aphunzitsi sanauzidwe. Mwa amuna 40, amuna 26 anafika pa batani lomaliza, ambiri akutuluka thukuta, akunjenjemera, ena akuseka kuseka kwa mantha.

Milgram anabwereza kafukufukuyu posintha zina n'zina, ndipo apa m'pomwe pali phunziro lenileni. Wolamula akamalamula pafoni ali kwina, omvera ankatsika kufika pafupifupi mmodzi mwa asanu. Pakakhala aphunzitsi ena awiri amene akana kupitiriza, ofika kumapeto ankangotsala 4 mwa 40. Monga kwa Asch, wokana woyamba amatsegulira anzake njira.

M'zaka zapitazi akatswiri amene anakamvera matepi a Milgram apeza zokayikitsa. Ena mwa aphunzitsi ankaganiza kale kuti shokoyo njabodza, ndipo wolamula uja nthawi zina ankakakamiza kuposa zomwe zinalembedwa. Alex Haslam ndi Stephen Reicher aonanso kuti mawu olamula kwenikweni, oti palibe kuchitira mwina, ndi amene ankachititsa anthu kukana, pomwe mawu oti kafukufukuyu akufunika kupitirira ndi amene ankawagonjetsa. Iwowa akuti munthu samvera ngati nkhosa, amamvera akakhulupirira cholinga. Mayi amapanikiza mwana wake namwino akamamubaya jakisoni, osati poopa namwinoyo, koma pokhulupirira kuti ululuwo ndi wothandiza. Ngati zili choncho, woopsa si wongomvera ayi, koma wokhulupirira kuti nkhanza akuchitazo n'zoteteza mudzi.

Mungamvenso za ndende yoyeserera ya Philip Zimbardo ku Stanford mu 1971, yomwe inayenera kutha milungu iwiri koma inaimitsidwa patatha masiku 6 chifukwa cha nkhanza za ophunzira ochita ngati oyang'anira akaidi. Imatchuka kwambiri, koma zolemba zomwe zinafukulidwa mu 2018 zinaonetsa kuti oyang'anirawo anachita kulangizidwa kuti akhale ovuta. Ambiri sakuiwerenganso ngati umboni wolimba.

Oonerera

Mjigo wa m'mudzi ukawonongeka umatha miyezi, pomwe chitsime cha pakhomo pa munthu chimakonzedwa tsiku lomwelo. Aliyense amati wina achitapo kanthu. Pa dima napo, wina amangogwedeza khasu podikira mowa. Max Ringelmann wa ku France anaziyesa ndi chingwe, n'kulemba mu 1913 kuti okoka akamachuluka, mphamvu ya aliyense payekha imatsika. Udindo ukagawidwa kwa ambiri, gawo la aliyense limachepa mpaka kusaoneka.

Mu March 1964 mtsikana wotchedwa Kitty Genovese anaphedwa ndi mpeni pafupi ndi nyumba yake ku New York, ndipo nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti anthu 38 ankaonerera osachitapo kanthu. Pambuyo pake zinadziwika kuti nkhaniyo inakokomezedwa: oona bwinobwino anali ochepa, ena anaimbira apolisi, ndipo mayi wina woyandikana naye anatsika kukamufungatira. Komabe inachititsa John Darley ndi Bibb Latané kuyesa mu 1968. Wophunzira ankamva ngati mnzake akugwa khunyu m'chipinda china, chonsecho anali mawu ojambulidwa. Akaganiza kuti akumva ndi iye yekha, 85 pa 100 alionse ankathamanga kukanena khunyulo lisanathe. Akaganiza kuti ena anayi akumvanso, ankatero ndi 31 okha.

Kenako mu 2019 Richard Philpot ndi anzake anaonera makanema 219 a ndewu zenizeni zojambulidwa ndi makamera a m'misewu ya Amsterdam, Lancaster ndi Cape Town. Pa ndewu 9 mwa 10 zilizonse panapezeka woleretsa, ndipo oonerera akachuluka, mwayi woti wina aleretse unkakulanso. Ziwirizi sizikutsutsana. Pagulu aliyense payekha amazengereza, koma mwa ambiriwo sipalephera kupezeka mmodzi. Chomwe chikufufuzidwabe ndi nthawi yomwe gulu lenilenilo ndilo likumenya, chifukwa pamenepo woleretsa naye amatha kusanduka wakuba kapena namapopa.

Kodi khamu limapenga?

Mu 1895 Gustave Le Bon wa ku France analemba kuti munthu akalowa m'khamu nzeru zimamuchoka, amasanduka chilombo. Maganizo amenewa akadali m'kamwa mwa ambiri. Stephen Reicher anawatsutsa atafufuza zipolowe za ku St Pauls mumzinda wa Bristol mu April 1980. Anapeza kuti khamulo linali ndi malire: linagenda apolisi, linawononga banki ndi masitolo a anthu akunja kwa deralo, koma nyumba za anthu silinazikhudze, ndipo apolisi atathawa silinawatsatire kupitirira malire a dera lawo. Kwa Reicher, munthu wa m'khamu sataya nzeru. Amangosiya kuganiza ngati “ine” n'kuyamba kuganiza ngati “ife”, ndipo amachita zomwe akuona kuti “ife” timavomereza. Miyala ya mu 2017 nayo sinkagwera aliyense. Inkasankha alendo, a magalimoto, ndi oganiziridwa kuti akugwirizana ndi alendowo.

Pali chinanso chomwe Serge Moscovici ndi Marisa Zavalloni anaonetsa mu 1969: anthu a maganizo ofanana akakambirana okhaokha, amatuluka ali ndi maganizo omwewo koma okhwima kuposa mmene analowera. Aliyense amene ali pa gulu la WhatsApp la anthu a chipani chimodzi akudziwa momwe kukayikira kwa m'mawa kumasandukira chitsimikizo pofika madzulo.

Mzere wa “ife” ndi “iwo”

Apa ndiye pagona nkhani. Ngati khamu limatsata zomwe “ife” tikufuna, “ife” ameneyo amachokera kuti?

Mu 1954 Muzafer Sherif, wobadwira ku Turkey, anatengera anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 kumsasa wa kutchire ku Robbers Cave, m'chigawo cha Oklahoma. Onse anali azungu, a chipembedzo chofanana, ochokera m'mabanja ofanana, osadziwana. Anawagawa pawiri. Gulu lina linadzitcha Eagles, ziombankhanga, lina Rattlers, mtundu wa njoka. Atayambitsa mipikisano ya mphotho yopita ku gulu limodzi lokha, anyamatawo anayamba kutukwanana, kuotcherana mbendera ndi kuthyolerana zogona usiku. Kuwaika pamodzi pachakudya sikunathandize, ankagendana ndi chakudya chomwecho. Chinathandiza ndi mavuto osatheka gulu limodzi. Akuluakulu anatseka dala madzi a pamsasa, anyamata onse n'kukasaka pomwe pavuta. Lole yokatenga chakudya itakana kulira, onse anaikoka ndi chingwe chomwe ankapikisanira chija. Pobwerera kwawo anapempha kukwera basi imodzi. Sherif anati udani umabadwa magulu akamalimbirana chinthu chochepa, ndipo umatha akakhala ndi cholinga chimodzi. Chomwe sankakonda kunena n'chakuti chaka cha 1953 anayesa zomwezi kwina n'kulephera: anyamata a kumeneko anazindikira kuti akuluakulu akuwayambanitsa dala, n'kukana kudana.

Henri Tajfel anafunsa funso lozama kuposa apa. Bwanji pakakhala kuti palibe cholimbirana? Cha mu 1971 ku Bristol anaonetsa anyamata a zaka 14 ndi 15 zojambula za Paul Klee ndi Wassily Kandinsky, n'kuuza aliyense payekha kuti ali m'gulu la okonda wojambula uyu kapena uyo. Kugawako kunali kwa chisawawa. Mnyamata sankadziwa amene ali naye gulu limodzi, sanakumane nawo, ndipo iye mwini sankapindulapo kanthu. Atapatsidwa ndalama zochepa zoti agawire anyamata ena odziwika ndi nambala ndi gulu basi, ambiri anakondera a gulu lawo. Chodabwitsa n'chakuti sankangofuna kuti wakwawo apeze zambiri, ankafuna kuti apose winayo. Pakati pa kupatsa wakwawo 19 wina 25, ndi kupatsa wakwawo 7 wina 1, anyamata ambiri ankapendekera ku mbali ya 7 ndi 1, kulolera kuti wakwawo ataye bola winayo atsalire. Mu 1979 Tajfel ndi John Turner anafotokoza kuti mbali ina ya kudziona kwathu kuti ndife ndani imachokera ku magulu omwe tilimo, choncho gulu lathu likakwera timamva ngati takwera ndife.

Munthu mmodzi ali m'magulu ambiri, ndipo lomwe likuyaka m'mutu mwake limasintha ndi malo. Maule ndi Manoma akakumana pa Kamuzu Stadium amatha kugendana, koma usiku wa mu January 2022 pomwe Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chakutali chija polimbana ndi Morocco, anakumbatirana osafunsana timu. Mlomwe ndi Mtonga amene ku Lilongwe amanenana, akakumana ku Johannesburg amaitanana kuti achimwene.

Kafukufuku wina wotchuka pa nkhaniyi anachitikira kwathu konkuno. Daniel Posner anafunsa mafunso m'midzi inayi ya m'malire a Malawi ndi Zambia, iwiri ya Achewa ndi iwiri ya Atumbuka, mbali iliyonse ya malire umodzi wa Achewa ndi umodzi wa Atumbuka, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2004. Kusiyana kwa miyambo kunali komweko mbali zonse: chinenero, gule wamkulu ndi vimbuza, chikamwini ndi malowolo. Koma a mbali ya Malawi ndi amene ankachuluka kunena kuti sangakwatirane ndi mtundu winawo kapena kuvotera mtsogoleri wake, pomwe a ku Zambia ankaonana ngati abale. Posner anati chifukwa chake ndi kukula kwa magulu. Ku Malawi mitundu iwiriyi njaikulu moti wandale angamange chipani pa umodzi mwa iyo. Ku Zambia yonse njochepa poyerekeza ndi dziko lonse, choncho andale amaiphatikiza n'kungoti onsewa ndi anthu a kummawa. Ena amatsindika mbiri, monga kuchotsedwa kwa Chitumbuka pa wailesi mu 1968 ndi kubwezedwa kwa aphunzitsi ku zigawo za kwawo mu 1989. Mbali zonse ziwiri zikuvomerezana pa chinthu chimodzi: kusiyana kwa miyambo pakokha si kumene kunajambula mzerewo.

Mawu amodzi, zinthu zitatu

M'Chichewa timangoti tsankho. Akatswiri amaligawa patatu, chifukwa zitatuzi siziyendera limodzi nthawi zonse.

Choyamba ndi chithunzi cha m'mutu: “a mtundu uwu ndi aulesi”, “a uko ndi odzikonda”. Mtolankhani Walter Lippmann mu 1922 anachitcha stereotype, mawu omwe poyamba ankatanthauza chitsulo chosindikizira tsamba lomwelomwelo kambirimbiri. Kwathu tingati chikombole: dothi lililonse lolowamo limatuluka njerwa yofanana. Ubongo umachita zimenezi pofuna kupeputsa ntchito, ndipo umachita mokondera. A kwathu timawaona kuti ndi osiyanasiyana, a kwina timati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Thomas Pettigrew mu 1979 anafotokozanso kukondera kwina: wakwathu akaba timati inali njala, wa mtundu wina akaba timati ndi mmene alili. Wakwathu akakhoza mayeso ndi nzeru, winayo akakhoza anabera kapena ali ndi wachibale kumtunda. Anyani amasekana zikundu.

Chachiwiri ndi cha mumtima: kunyansidwa, mantha kapena kunyoza munthu usanamudziwe. Chachitatu ndi zochita: kumumana ntchito, nyumba ya lendi, malo pamsika.

Kuti muone kuti zitatuzi zimatha kusemphana, taonani za Richard LaPiere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anayenda m'dziko la America ndi banja lina la ku China, nthawi yomwe anthu a ku Asia ankasalidwa kwambiri. Pa mahotela ndi malo odyera 251, anakanizidwa kamodzi kokha. Atawalembera makalata kufunsa ngati angalandire Matchaina, mwa 128 amene anayankha, pafupifupi 92 pa 100 alionse anati ayi. Masiku ano zimakonda kutembenuka. Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 ku Boston ndi Chicago, ofanana maphunziro, osiyana maina okha. Zotsatira za mu 2004 zinaonetsa kuti a maina omveka achizungu, monga Emily ndi Greg, ankaitanidwa kamodzi pa makalata 10, pomwe a maina omveka a anthu akuda, monga Lakisha ndi Jamal, kamodzi pa makalata 15. Kale pakamwa pankakana, manja n'kulandira. Lero pakamwa pamalandira, manja n'kukana.

Gordon Allport mu 1954 anayerekeza tsankho ndi makwerero a masitepe asanu: kunena zoipa, kupewa, kumana, kumenya, kupulula mtundu. Si onse oponda loyamba amafika pomaliza, koma ofika pomaliza anadzera poyamba. Ku Rwanda wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi inyenzi, kutanthauza mphemvu, anthu pafupifupi 800,000 asanaphedwe ndi pomwe ankaphedwa m'masiku 100 a mu 1994. Ku South Africa dzina loti makwerekwere linalipo kalekale zisanachitike za mu May 2008, pomwe chiwawa choyambira ku Alexandra chinapha anthu 62, ena mwa iwo nzika za dziko lomwelo. Komabe si nthabwala iliyonse ili sitepe. Ku Zambia Abemba ndi Angoni ali pa chimbuya: awa amaseka anzawo kuti amadya mbewa, awo amabweza kuti inu mumadya anyani, ndipo kunyozanako n'komwe kumalimbitsa ubale mpaka pamaliro. Pomwe nthabwala imathera ndi pomwe chipongwe chimayambira ndi nkhani yomwe akatswiri sanaimalize.

Nanga n'chiyani chimakweza anthu makwererowo? Chimodzi ndi tsoka losowa mwini. Edward Miguel anafufuza midzi 67 ya m'boma la Meatu ku Tanzania, n'kulemba mu 2005 kuti m'zaka za chilala kapena za mvula yowononga, kuphedwa kwa oganiziridwa ufiti, ambiri mwa iwo amayi okalamba, kunkawirikiza kawiri. Chikhulupiriro chinalipo zaka zonse, koma imfa zinkatsata njala. Ku Neno mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana wa m'mudzi mwawo. Mphezi sungaigwire, agogo ungawagwire.

Kodi tsankho limachira?

Allport yemweyo anati kukumana kumachepetsa tsankho, koma pakhale zinayi: okumanawo akhale pa mlingo umodzi, osati bwana ndi wantchito, akhale ndi cholinga chimodzi, azithandizana m'malo mopikisana, ndipo atsogoleri kapena malamulo azivomereza. Mu 2006 Pettigrew ndi Linda Tropp anaphatikiza kafukufuku 515 n'kupeza kuti pafupifupi kulikonse, okumana kwambiri ndi a magulu ena amakhala ndi tsankho lochepa. Otsutsa amafunsa kuti chayamba n'chiti, popeza wopanda tsankho ndiye amakondanso kucheza ndi alendo.

Pofuna kuthetsa mkanganowu, Salma Mousa anakonza ligi ya mpira kumpoto kwa Iraq pakati pa Akhristu amene anathamangitsidwa kwawo ndi gulu la zigawenga la ISIS. Matimu ena anawaonjezera osewera atatu Achisilamu, ena anawaonjezera Akhristu anzawo, posankha mwa maere. Zotsatira za mu 2020 zinali zapakatikati. Osewera a m'matimu osakanikirana ankalola kuchita nawo zokonzekera ndi Asilamu ngakhale patatha miyezi 6, ndiponso kuvotera Msilamu pa mphotho. Koma kunja kwa bwalo, monga kukadya kumalo odyera a ku Mosul, sikunasinthe kwenikweni. Munthu amatha kunena kuti, “Uyu yekha ndi wabwino,” chikombole chili chikhalire.

Ku Rwanda Elizabeth Levy Paluck anatsata kwa chaka chathunthu magulu omvera sewero la pa wailesi lotchedwa Musekeweya, lonena za midzi iwiri yodana. Mu 2009 analemba kuti zikhulupiriro za omvera sizinasinthe kwenikweni, koma chinasintha ndi zomwe ankaganiza kuti anzawo amavomereza, monga ukwati wa mitundu iwiri ndi kutsutsa poyera. Ndipo zochita zawo zinatsata chachiwirichi. Tabwereranso m'chipinda cha Asch.

Zomwe zikadali pabwalo

Maphunzirowa nawo ali ndi mlandu wawo. Mu 2015 akatswiri 270 motsogozedwa ndi Brian Nosek anabwereza kafukufuku 100 wofalitsidwa kale, ndipo wongoposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu ndiye anatulutsanso zotsatira zomveka. Za Asch ndi za Tajfel zabwerezedwa kambiri n'kupezekanso, zina zagwa, ndipo kusefa kukupitirira.

Palinso funso la amene anayesedwa. Kuwerengera kwina kwa mu 2008 kunapeza kuti anthu 96 pa 100 alionse oyesedwa m'magazini akuluakulu a maphunzirowa ndi ochokera m'maiko olemera a azungu, momwe mumakhala anthu 12 okha pa 100 alionse a padziko. Kodi zomwe wophunzira wa ku Yale amachita ndi zomwe angachite mlimi wa ku Ntchisi, amene anakula akumva kuti kali kokha n'kanyama?

Akatswiri akukangananso za tsankho lobisika, lomwe mwini wake salidziwa. Mu 1998 Anthony Greenwald ndi anzake anapanga mayeso a pa kompyuta oyesa liwiro lomwe munthu amalumikizira nkhope za mtundu wina ndi mawu abwino kapena oipa. Anthu mamiliyoni awalemba, koma munthu yemweyo amatha kupeza zotsatira zosiyana masiku osiyana, ndipo sizinagwirizanike ngati mayesowa amaloseradi zomwe munthu adzachite. Pomwepo pamabuka mtsutso wina: kodi ndalama ndi nthawi zipite ku kusintha mitima, kapena ku kusintha malamulo ndi kalembedwe ka ntchito kuti watsankho asapeze mpata ngakhale mtima wake usanasinthe?

Ndipo pali okana aja. Mwa amuna 40 a Milgram, 14 anaimirira n'kusiya makina. Mwa ophunzira a Asch, mmodzi mwa anayi anatchula mzere woona maulendo onse 12. Chowasiyanitsa ndi anzawo sichinagwirizanike mpaka pano: ena akuti ndi chibadwa, ena maleredwe, ena chipembedzo, ena akuti zimangotengera ngati tsiku limenelo pafupi panali wina amene anayamba kunena kuti ayi.